Botolo Lochokera Kuphiri

Nditangokwatiwa ku Matawale, ntchito yopukuta m'kabati ya apongozi anga aamuna inagwera ine. Kuseri kwa makapu kunali botolo lagalasi lopanda kanthu, lotakata kumunsi, la khosi lalitali lopendekeka pang'ono. Chotsekera chake chinalinso chagalasi. Ukaliyang'ana padzuwa unkaona timathovu tampweya titatsekeredwa m'galasimo.

Apongoziwo anagwira ukhukhi zaka zambiri kwa mzungu wina wokalamba pamwamba pa phiri la Zomba. Ankati botololo linachita kuuziridwa ndi pakamwa kalekale, ndipo bwana wawoyo ankathiramo vinyo wa patebulo. Bwanayo atamwalira, mwana wake anawapatsa ngati chikumbutso. Iwo pokhala Msilamu sanathiremo chilichonse, ndipo ine anandiuza kuti ndizipukuta kunja kokha.

Chiperoni chikayamba, botololo linkachita nthunzi mkati lili chitsekere. Ndinafunsapo amuna anga, iwo anangoti linkatero iwo ali mwana.

M'chaka chachitatu apongozi anadwala mpaka kusiya kuyankhula. M'mawa wina ndinaona mizere yakuda mkati mwa botolomo, ndiye ndinati ndilitsuke. Chotsekeracho chinayamba chakana, kenako chinazuka. Munatuluka mpweya ngati wa munthu amene watula katundu wolemera, pamodzi ndi fungo la utsi wa nkhuni za paini. Pakhomopo tinkaphikira makala.

Ndinamva apongozi akuitana kuchipinda, mawu ali bwinobwino.

"Mwatsegula, mayi?"

Ndinagwada pakhomo n'kuvomera. Sanakalipe. Anati analitseka okha tsiku limene bwana wawo anatsirizika, ndipo tsopano liyenera kubwerera kumene linachokera.

Loweruka ine ndi amuna anga tinakwera phiri, botolo nditalikulunga m'chitenje. Mayi wina wogulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu ndiye anatilozera kanjira kopita kunyumba ya mzungu uja, nati m'nyumbamo simunakhalenso munthu chichokereni eni ake. Tinaipeza denga litagwa mbali imodzi. Chitseko tinachita kukankha awiri.

M'chipinda chodyera munali shelefu yomangira kukhoma, fumbi lili mbuu. Koma pakati pake panali kamalo kozungulira kopanda fumbi ngakhale pang'ono. Amuna anga anaikapo botololo ndipo linakwana ndendende. Sitinayang'anane. Tinatuluka mwachangu, ndipo tinayamba kuyankhulana titafika kumsewu.

Kunyumba tinapeza apongozi atakhala pamkeka panja, akumwa tiyi okha. Tisanafotokoze kalikonse anatiyang'ana n'kunena kuti, "Chitseko mwasiya chosatseka."

Zinali zoona. M'mawa mwake amuna anga anabwerera okha kuphiriko kuti akatseke. Anabwera masana ndithu, nakhala pakhonde nthawi yaitali osavula nsapato. Nditawafunsa anati achipeza chotseka kale, ndipo atakankha sichinatheke, ngati chakhomedwa mkati.

Apongozi anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri, akuyenda okha kupita kumzikiti. Nkhaniyi sanaitchulenso, nafenso sitinawafunse.