Intaneti ya pa Mitala

Bambo anga ali ndi akazi awiri, ndipo chiyambireni mitala yawo sanagulepo chinthu chimodzi. Zitenje ziwiri zofanana, ndowa ziwiri, maambulera awiri ngakhale m'chilimwe. Amati chipembedzo chimaletsa kukondera, ndipo pa lamulo lokhali amalimbikira kuposa shehe. Mayi anga ndiwo aakulu, anabwerera nawo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Mayi aang'ono anawapeza ku Mandimba komweko, malonda a nandolo atayamba kuyenda.

Intaneti tinaifunira mlongo wanga wa ku Joni. Anali ndi pakati poyamba, ndipo mayi ankafuna kudzamuona mdzukuluyo ndi maso, osati kumva mawu odukaduka ataimirira pachulu. Ine ndimalumikiza makompyuta ku Cuamba, choncho ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu, nditafungatira mbale ya intaneti, n'kukaimangirira pamlongoti pakati pa bwalo. Koma makoma a kwathu ndi a njerwa zootcha, foni ikangolowa m'nyumba intaneti imatsala pakhonde. Panafunika mawaya, komanso swichi, bokosi lamabowo lomwe limalandira waya umodzi n'kugawira ambiri.

Ndinawafotokozera bambo bwinobwino. Tigule swichi imodzi yaikulu, nyumba iliyonse ikhale ndi waya wakewake, pasakhale wodalira mnzake.

"Ikhala m'nyumba mwa yani?" anafunsa.

"Mwa mayi. Ndiyo yayandikira mlongoti."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tiyambe kuweta nkhumba. "Iwe mwana, ukufuna ndifere pabwalo pano? Gula tiwiri tating'ono. Tofanana mtundu."

Ndinawauza kuti tating'ono timalumikizana ngati unyolo. Waya wa pamlongoti umalowa m'kabokosi kamodzi, kenako n'kupitirira kwa kanzake, ndiye woyamba akhalapobe basi. Bambo anasisita ndevu nthawi yaitali, mpaka nkhope inawala. Anagamula kuti waya uzitsata iwo. Nyumba yomwe agona ndiyo izilandira poyamba.

Ndinapsa mtima, koma mawu a kholo sabwezedwa pamaso pa akazi ake. Kuyambira pamenepo, tsiku losamuka anthu ankaona bambo akudutsa pabwalo, chikwama cha zovala kudzanja lamanja, waya wobiriwira kumanzere, akuukoka mwaulemu ngati mbuzi ya chikole. Anzawo a kumzikiti ankabwera kudzaona chilungamo chimenechi, ena n'kumagwedeza mutu mosirira.

Chomwe bambo sanafune kumva n'chakuti kabokosi kalikonse kamadya magetsi, pomwe nyumba iliyonse ili ndi tomada, polumikizira magetsi, imodzi yokha pakhoma. Wa m'nyumba yoyamba akazula kuti atchaje foni, kwa mnzake zii. Foni yanga ku Cuamba sinkapuma. Mayi ankati mkazi mnzawo amachitira dala. Mayi aang'ono ankanenanso chimodzimodzi sabata yotsatira, mawu ake omwewo, ngati anapangana. Ine, munthu wa mawaya, ndinasanduka nkhoswe ya banja la makolo anga.

Mlongo wanga anachira, mwana wamkazi. Anatumiza uthenga kuti aimba Lachisanu m'mawa, tsiku lopatsa mwana dzina, kuti agogo ake amuone. Ndinapita kumudzi. Mayi anasamba, anavala chitenje chatsopano, anadzola ndi mafuta onunkhira ngati kuti fungo lidutsa m'foni. Sabata imeneyo bambo ndi waya wawo anali kwa mayi aang'ono.

Foni inalira. Nkhope ya mlongo wanga inaoneka, yotopa koma yosekerera. Anayamba kuvundukula kansalu, tinaona kachala kamodzi, ndiye chithunzi chinauma pomwepo. Kutsidya kwa bwalo mayi aang'ono anali atazula kabokosi n'kulowetsa simbi, akusita mkanjo wa bambo wa ku Juma, mapemphero a Lachisanu. Za foniyi palibe anawauza.

Ndinkayembekeza phokoso. Mayi sanakalipe. Anangoyang'ana kachala kouma kaja, misozi n'kumatsika. Kenako anadzuka, foni m'manja, n'kuwoloka bwalo. Chikwatiwireni mayi aang'ono, mayi anali asanapondepo m'nyumba imeneyo. Analowa osaodira.

Mayi aang'ono anaona misozi, anaona foni. Anazula simbi n'kubwezera kabokosi. "Khalani apa, achemwali," anatero akuyala mkeka. Timagetsi tobiriwira ta pakabokosi titayambanso kuphethira, foni inaliranso, ndipo mwana anaonekera yense, wometedwa, atakwinya nkhope. Mayi anaseka akulira. Mayi aang'ono analuluta, n'kunena kuti mphuno ndi ya agogo ake aakazi, mwamwayi.

Bambo anapita ku Juma ndi mkanjo wosalala mbali imodzi. Pobwera anapeza akazi awo akadali pamkeka umodzi, ndipo ndinaona mantha enieni pankhope pawo.

"Bambo, takambirana," anayamba mayi aang'ono. "Bokosi lalikulu lija libwere."

"Nanga likhala mwa yani?"

"Mulimangire kachipinda pansi pa mlongoti, ndi tomada yakeyake."

Bambo anapumira m'mwamba, n'kuyamikira nzeru za akazi awo. Koma mayi anali asanamalize.

"Kachipindako kakhale kokwana mphasa," anatero. "Poti inu simufuna kukondera, muzigona momwemo, muzililondera. Ife tikakufunani tidzakuimbirani."

Bambo anatembenukira kwa ine kuti ndiwathandize. Ine n'kuti nditagwada kale pansi pa mlongoti, ndikuyeza malo a maziko.