Mkangano wa Anyezi kwa Mayi Casilda

Mayi Casilda sanakhalepo pampando wa kalasi ya yunivesite, koma mukawafunsa ntchito yawo amayankha osaphethira: "Ndimaphunzitsa Chisipanishi." Akatero amaloza tebulo lawo lodyera, lomwe mwendo wake umodzi ndi wochirikiza ndi kapepala kopinda.

Anabwera mu Salamanca ali mtsikana, kuchokera kumudzi wa oweta nkhumba, kudzasoka madiresi. Anakwatiwa ndi Anselmo, woyendetsa basi, bambo amene ankalankhula ngakhale ali m'tulo. Ana awiri anakula n'kumwazikana, wina ku Madrid, wina ku Germany. Anselmo atamwalira, m'nyumba munangoti zii, ndipo mayiwo anaona kuti ziiyo iwapha msanga kuposa matenda a shuga. Ndiye anayamba kusunga ophunzira akunja amene amadzaza mzinda wathu chaka ndi chaka, kudzaphunzira chilankhulo ndi chikhalidwe chathu kuyunivesite. Anadutsamo a ku Japan, a ku America, a ku Korea, ndipo onse ankabwerera kwawo atanenepa komanso atayamba kulongolola.

"Kuyunivesite amawapatsa mawu," ankatero mayiwo. "Ine ndimawapatsa pakamwa."

Phunziro lawo linali limodzi basi, nkhomaliro. Kwathu kuno chakudya chikatha palibe amene amadzuka. Mbale zimakhala pomwepo, nyenyeswa za buledi pomwepo, khofi amabwera, kenako aliyense amalankhula nthawi imodzi. Amene tinakhalako kumayiko ozizira timadziwa kuti kwina anthu amadikirana polankhula, ngati pamzere wa kuchipatala. Kuno ukati udikire, umakalowa m'manda ndi nkhani yako m'kamwa.

Koma zaka zinasintha. Ophunzira a masiku ano amakonda nyumba zatsopano zogonera, momwe aliyense amatenthetsa kachakudya kake n'kukadyera pabedi. Chaka chimenecho Mayi Casilda anangolandira mmodzi, Tuuli, mtsikana wamtali wa ku Finland. Mayi wa kuofesi yopezera ophunzira malo anawauza mwaulemu kuti uyu akapemphanso kusamuka, wina sadzabweranso. Mayi Casilda anaseka pafoni, koma ataiyika anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mipando yopanda anthu.

Tuuli anali atawerenga mabuku a Chisipanishi ambiri kuposa anthu a mumsewu wonsewo kuwaphatikiza. Ankadya mwadongosolo, n'kuthokoza, n'kukhala chete. Lamulungu lililonse kunkabwera a Nicanor, mng'ono wake wa malemu Anselmo, wometa tsitsi wopuma pantchito, yemwe anatengera pakamwa pa mkulu wake. Iwo ndi mlamu wawo akangoyamba kukweza mawu, Tuuli ankanyamula mbale yake mwakachetechete n'kulowa kuchipinda. Mayi Casilda anaganiza kuti vuto ndi chakudya, choncho anawonjezera chakudya.

Tsiku lina polowetsa nsalu zochapa anapeza sutikesi ili yasaa pabedi.

"Mwanawe, ukupita kuti?"

Tuuli anafiira mpaka m'makutu. Anafotokoza ndi Chisipanishi chake cha m'mabuku, chosalala ngati chosita, kuti waona kuti banjali lili pamavuto, ndipo si bwino mlendo kukhala pakati pamene iwo ndi a Nicanor akuyambana.

"Kuyambana? Ine ndi chitsiru chija? Timakambirana za anyezi ife!"

"Za anyezi?"

"Eya! Akuti totiya sathira anyezi. Wamvapo zamisala zoterozo?"

Totiya, mazira aja okazingira limodzi ndi mbatatesi, wakhala akugawanitsa mabanja m'dziko muno kuyambira kalekale, koma zimenezo sizinalembedwe m'mabuku a Tuuli. Mtsikanayo anaululanso china. M'kalasi ya kuyankhula anawaika anayi kuti atsutsane. Iye anadikira nthawi yake, nthawi yakeyo sinafike, ndipo mphunzitsi anamuuza kuti sangakhozetse munthu amene sanamumve mawu. Choncho anaganiza zosamukira kumalo a phee, akawerenge kwambiri.

"Kuwerenganso? Matenda akowo ndi mabukuwo," anatero mayiwo, atakhala pasutikesi kuti isatsekedwe. "Undipatse Lamulungu limodzi. Likakanika, sutikesiyi ndikunyamulira ndine."

Lamulungulo patebulo panali matotiya awiri, wa Mayi Casilda wa anyezi ndi wa a Nicanor wopanda, amene anabwera naye atakutira pansalu ngati khanda. Tuuli anauzidwa kuti alawe onse, anene wokoma. Asanameze n'komwe, alamu awiriwo anali atayambapo.

"Mlamu, anyezi amathira anthu obisa mbatatesi zoola!"

"Taonani amene akulankhula za kuphika! Munthu amene wakalamba akudya m'nyumba za eni!"

"Mkulu wanga ankabwera kwathu mobisa kudzadya totiya weniweni!"

"Bodza! Anselmo ankanyambita mbale, iwe wometa anthu zipsera!"

Tuuli anakweza dzanja, monga amachitira m'kalasi. A Nicanor analiyang'ana. "Kodi mwana wanuyu akuimitsa basi?" anafunsa, n'kupitiriza. Mtsikanayo anati pepani. Anatinso pepani. Mawuwo anamira ngati kamwala m'chitsime, ndipo Mayi Casilda anamuona akuyamba kusonkhanitsa foloko ndi mpeni pambale, chizindikiro chake chonyamukira. Koma mkangano unali utawalowa m'magazi, moti anaiwala kuti lero ndi tsiku la phunziro.

"Tamufunsa mwanayu!" anakuwa. "Chifikireni amadya wanga, mbale imabwerera yoyera. Amafera anyezi ameneyu! Kwawoko kulibe, n'chifukwa chake..."

Tebulo linalira. Kapepala kochirikiza mwendo kanauluka, makapu anavina.

"Sindiwakonda anyezi!"

Anali Tuuli, ataimirira, dzanja lili patebulo.

"Sindinawakondepo! Ndimameza ndi madzi ngati mankhwala! Kwathunso aliko, musamatinamizire! Ndipo mchere mumachulutsa!"

"Mwamva?" a Nicanor anayamba kuwomba m'manja. "Mwamva, mlamu? Mwana wophunzira..."

"Inunso khalani chete, ndisanamalize! Wanuyu ndi wouma ngati chidendene cha nsapato!"

Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni Anselmo, patebulo lija panagwa bata Mayi Casilda alipo. Tuuli anagwira pakamwa. Ankaoneka ngati munthu amene waswa chikho cha kutchalitchi. Mayiwo anamva zinthu ziwiri nthawi imodzi, ululu wa wophika wonyozedwa ndi chimwemwe cha mphunzitsi, ndipo anadziwa kuti akangosonyeza chimwemwecho, mwanayu apepesa, zonse zibwerera mwakale. Choncho anasankha ululu.

"Mwana wopanda ulemu iwe! Mchere wanga? Anthu odya nsomba zozizira mungadziwe chiyani za mchere?"

"Timadziwa kuti si ndiwo!" Tuuli anayankha asanaganize.

"Khala pansi, ufotokoze bwinobwino bodza lakolo!"

Anakhala. Khofi anazizira, anaphikanso wina. Kuchoka pa anyezi anafika pa mpira, pa ansembe, pa funso lakuti ndani ali ndi chisanu chenicheni pakati pa Salamanca ndi Finland. Tuuli anawadula mawu a Nicanor kangapo, ndipo kamodzi analankhula buledi ali m'kamwa.

Mawa lake sutikesi inali itabwerera pamwamba pa kabati.

Anyezi Mayi Casilda sanasiye kuthira. Amangowadula akuluakulu, kuti mwanayo aziwaona, aziwachotsa, azidandaula. Kumsika, akafunsidwa za mlendo wawo, amapukusa mutu modandaula kwambiri.

"Lilime lake ndi lakufa, sadziwa chokoma," amatero. "Koma pakamwa paja, amayi, mukapamve. Ndapakonza ndine."