Ndinatsika Phiri la Linga Osagwira Buleki

Njinga imene ndinakulira nayo inalibe mabuleki. Ukafuna kuima unkaponda tayala ndi chidendene cha patapata, apo ayi kungolowa nayo m'tchire. Ndiye tsiku limene achimwene anandiimika pambali pa njinga ya alendo, ya matayala onenepa a mano ngati a thirakitala, ndinaiopa ngati ng'ombe yachilendo.

Achimwene amakonza njinga pamsewu wopita ku Namwera, ndipo ndiwo amaperekeza anthu okwera phiri kukaona linga lakale la asilikali. Sabata imeneyo anali ataponda msomali, phazi lili chotupa, koma alendo asanu ochokera ku Zomba anali atafika kale, njinga zili pamwamba pa galimoto, ina yapadera. Njira yachidule yodzera kumtsinje ndimaidziwa ine, poti n'kumene timatola masuku ndi kuzula bowa.

"Iwe, pita nawo," anatero achimwene. "Kaya uzikaikankha, bola uwalozere njira."

"Nanga mwana?"

"Amayi alipo. Kodi anakusokerera kumsana mwana ameneyu?"

Mwana wanga anali ndi miyezi isanu ndi itatu ndipo ndinali ndisanamusiyepo, ngakhale popita kuchigayo. Mwana wanga woyamba ndinamuika m'manda asanayambe kukwawa, kutentha thupi masiku awiri basi. Bambo a anawa ali ku Joni. M'mawa umenewo ndinagunditsa tsaya langa pamphumi pake n'kumva kufunda. Amayi anali kuthira phala m'kambale kopita nako kwa atelala, nkhalamba ya kuseri kwa nyumba yathu imene inali chigonere kuyambira nthawi yokolola. Amayiwo anamukhudza mwanayo ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndi mano awa, taona nkhama. Muyamwitse uzipita, usandizungulire pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira."

Ndinavala buluku la achimwene, chitenje ndinachikwinyira m'chiuno kuti chisalowe m'tcheni. Anandiveka chipewa cholimba pamwamba pa duku. Nditangopalasa katatu ndinaona mbuzi, ndinafinya mabuleki onse ndi manja athunthu, njinga inangoti gwa, ine uyo pamwamba pa mahandulo, khuu pamchenga! Achimwene anaseka mpaka kuiwala phazi.

"Chala chimodzi, mlongo! Imeneyi si ya patapata. Chala chimodzi, matako kumbuyo, ndipo yakutsogolo uziinyengerera."

Mwa alendowo munali msilikali wamtali wokonda kutsogola, aphunzitsi atatu, ndi mayi wina namwino wa mawu aakulu amene anayamba kunditcha achemwali tisanachoke n'komwe. Iyeyo ndiye anandionetsa magiya. Ukadina kachitsulo ndi chala chachikulu, tcheni chimati khethe, mtunda umene ndimaukwera chokankha njinga ndikanyamula mtolo wa nkhuni n'kusanduka ngati bwalo la mpira. Miyendo kumangozungulira, njinga kumakwera yokha! Ndinaseka ndekha, mokweza, kenaka ndinadzigwira pakamwa. Mayi wanji woseka mwana ali wofunda?

Pamtsinje madzi anali a m'mawondo. Tinanyamula njinga pamapewa, yanga yopepuka kuposa ndowa. Azimayi ochapa pathanthwe anandizindikira.

"Eee, si mayi ake a uje awo? Mwalowa usilikali liti?"

"Mukatibweretsere mzungu mmodzi kuphiriko!"

"Mabere mwasiyira ndani?"

Limenelo ndiye linandilasa. Ndinatulutsa foni m'chitenje, netiweki inali itatha kale. Namwino anaona.

"Achemwali, mwanayo amayamwa?"

"Amayamwa."

"Amasewera?"

"Anandikoka ndolo."

"Ndiye tiyeni. Tikatsika ndikamuona ndi maso anga."

Kutsidya tinadutsa m'minda ya nandolo, m'chigwa cha nzimbe ndi nthochi, n'kulowa m'nkhalango. Mizu, miyala, njinga imangoimeza, kutsogolo kwake kumanyutuka ngati matiresi. Potsetsereka paliponse ine ndinkatsika n'kumakankha. Msilikali ankatidikira atakhala pamwala, akudya mtedza.

"Wotiperekeza ali kumbuyo, operekezedwa tili kutsogolo. Mayi, tikunyamuleni?"

"Tsogolani, bambo. Mukafika pamphambano muzifunsa anyani."

Aphunzitsi anakuwa ndi chiseko, ndipo kuyambira pamenepo pamphambano iliyonse ankandidikira mwaulemu.

Tinafika palinga dzuwa lili pamutu. Ndinafikako kambirimbiri ndi dengu, maso ali pansi kufuna bowa, koma tsiku limenelo ndinakweza mutu. Makoma a miyala otalika kuposa munthu, nyumba za njerwa zopanda denga, mkuyu utamera pakati pa chipinda, mizu yake itakumbatira zenera. Mphunzitsi wina anati asilikali a atsamunda asanamange pamenepo panali mudzi wa mfumu yamphamvu, ndipo anthu ogwidwa ukapolo ankadutsa m'mapiri omwewo popita kunyanja yamchere. Ine ndinawaonetsa zimene ndimadziwa: pamene pamatuluka madzi ngakhale m'chilimwe, ndi khoma limene lili ndi njuchi, kuti asalitsamire. Namwino anandikokera pamwamba pa thanthwe. Kutali uko Shire anali kunyezimira ngati waya, kukalowa m'nyanja ya Malombe. Kubadwa konse ndinali ndisanaone kuti madzi athu amayenda chonchi. Ndinafuna kukuwa. Nthawi yomweyo mkaka unatsika, malaya ananyowa mbali zonse ziwiri, ndinaganiza za azimayi amene anadutsitsidwa pamenepo ana atatsala kumudzi. Nthochi imene anandipatsa sindinaimalize.

"Tizipita," ndinatero.

Pobwerera tinadzera njira yaikulu yotsikira kumudzi kwathu. Ndinali kumbuyo monga mwa masiku onse, kukwera pang'ono, kukankha pang'ono. Pali pokhota pena pamene mitengo imatseguka, mudzi wonse n'kuonekera pansi. Ndinayang'ana denga la amayi. Pabwalo panali anthu. Azibambo a mikanjo yoyera atakhala pamikeka, azimayi akulowera kuseri kwa nyumba. Ndipo pamsewu, pamene pamapatukira kanjira ka kwathu, panali masamba aawisi atayalidwa kudula msewu, chizindikiro cha maliro.

Sindikukumbuka kuti ndinakwera bwanji. Ndikukumbuka mphepo m'makutu, miyala ikuthawira kumbuyo, manja atagwira mahandulo osakhudza buleki. Ndinadutsa aphunzitsi, mmodzi, awiri, atatu. Namwino anakuwa, sindinamve. Muzu uwo, njinga inadumpha, ndinali m'malere, inatera, ndikadali pomwepo! Mchenga unandikokera kumanzere, thupi linadziwa lokha kupendekera kumanja. Pakamwa ndinkangoti Mulungu, Mulungu, ndi mano, amayi anati ndi mano. Msilikali anali kutsogolo atawerama, timawaya ta nyimbo tili m'makutu, akulunjika pamasamba paja ndi liwiro lonse. Pamaliro munthu sadutsa ali panjinga, ngakhale akhale ndani. Ndinamupitirira ngati waima.

"Tsikani! Tsikani, maliro!"

Masamba aja anali kubwera. Manja anafuna kufinya onse. Chala chimodzi. Matako kumbuyo. Yakumbuyo kaye, yakutsogolo kuinyengerera. Tayala linakhwekhwereza, fumbi koboo, ndinaima tayala lakutsogolo litatsala pang'ono kukhudza tsamba loyamba.

Ndiye panali poyenda pansi. Mtunda wonse wa phiri sunanditalikire ngati mapazi amenewo, kukankha njinga pang'onopang'ono pamaso pa azibambo, chitenje nditachitsitsa, osathamanga, osafunsa. Ndinkayang'ana nkhope zawo kuti ndione ngati akundimvera chisoni. Mmodzi anangoyang'ana chipewa changa n'kupukusa mutu.

Kuseri kwa nyumba amayi anali atawerama, akuthira madzi mumphika waukulu. Kumsana kwawo kunali kamutu katapendekeka, kukamwa kuli yasa, dovu likutsikira pachitenje.

"Atelala atisiya utangochoka," anatero. "Anthu achuluka, ena tawakhazika pabwalo pathu. Nanga iwe wathamangitsidwa ndi chiyani?"

Ndinatsamiritsa njinga pakhoma. Ndinamumasula mwana, ndinakhala pansi pomwepo, ndinamuika kubere. Anayamwa mwaukali, ndipo ndinamva kanthu kakuthwa kakundikanda. Namwino anafika akupuma mwabefu, anagwada, anapepesa maliro kwa amayi, kenaka anamugwira mwana pamphumi ndi pakhosi, n'kumutsegula mlomo ndi chala.

"Dzino ilo latuluka. Palibe china. Koma achemwali, mumafuna kutipha? Munthu wokankha njinga tsiku lonse!"

Msilikali anavula chipewa n'kukakhala pamkeka ndi azibambo mpaka mwambo wa pamudzi utatha. Ponyamuka anandipeza ndikadali pansi, chipewa changa chikadali kumutu.

"Mayi, ulendo wina mudzatsogole ndinu. Anyani aja sanandiuze za masamba."

Atelala ndiwo anandisokera diresi langa loyamba la sukulu, ndipo ndinawalira ndithu. Koma pali chimene sindinauze amayi. Pamene njinga inadumpha pamuzu paja, mantha onse atandigwira, kamtima kena mkati kanakuwa ndi chimwemwe. Ndinachita nako manyazi masiku angapo. Achimwene anachira, koma alendo akabwera ambiri amandiitana, ndipo ndimapita. Ndimayamba ndagunditsa tsaya pamphumi pa mwana, kawiri. Pokhota paja ndimaimabe kuyang'ana denga la amayi ndi msewu. Ndikaona kuti pamsewu palibe tsamba, ndimachotsa chala pabuleki.