Maso achikasu pamaso pa apongozi

Ine ndine mmodzi wa anthu amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi matenda a chiwindi m'dera lonse la Chongwe, ndipo mbiri ya dziko lino ikadzalembedwa mwachilungamo, dzina langa lidzakhala pakati pa madokotala. Kunena zoona, chimene ndinachita n'kudwala basi.

Anali masiku a chipani chimodzi, ine nditangosiya koleji. Ndinatuluka ndekha pageti, mwaulemu, ngakhale kuti sutikesi yanga anali ataitsogoza kale. Ndinali nditafunsira mbeta kudera la kwa Nkomeshya, ndipo kunatsala masabata awiri kuti ndikaonekere kwa makolo ake. Atate ake anali atabweza kale anyamata awiri, wina chifukwa cha chifuwa, wina chifukwa choyenda mopendekera. Ankafuna mkamwini wathanzi, wogwira khasu.

M'mawa wina ndikumeta ndevu zanga zisanu ndi ziwiri, ndinaona pagalasi maso achikasu ngati papaya wakupsa. Thupi linali lolefuka, chakudya chosalowa.

Mtsikana uja atandiona anati, "Iwe, aya maso batata bakaona, yasila, ukwati kulibe. Yenda bakulase nyeleti."

Masiku amenewo tonse tinkadziwa kuti nyeleti, ndiye kuti jakisoni, imachiritsa chilichonse. Ndinapalasa njinga mpaka ku Palabana, kumene mnzanga wina ankabaya ana a ng'ombe katemera.

"Mwana, nili na ya mathole chabe," anatero. Kenaka anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma ulemera makilo angati?"

Atatulutsa singano yotalika ngati sipoko ya njinga, ndinakumbukira kuti ndasiya madzi pamoto.

Ndinapita kwa a tcheyamani a chipani m'dera lathu, amene ankadziwa kopezeka chilichonse, ngakhale sopo. Anafunsa khadi langa la chipani, analiyang'ana mbali zonse ziwiri, n'kugamula kuti ndizidya nzimbe. Ndinadya nzimbe masiku anayi. Nsagwada zinalimba, maso ali chikhalire.

Pomaliza ndinapita ku kachipatala ka pamishoni. Kumeneko wodwala ankabwera ndi kope lake lolembamo matenda, ndipo theka linkakwanira. Ndinagula limodzi ndi bambo wina wotupa mwendo, tinalidula pakati ndi mpeni.

Sisitere wa pachipatalapo anandikoka chikope. Ine ndinayamba kumufotokozera za chiwindi m'mawu a ku koleji, ndipo ndinapempha katemera, wamphamvu kwambiri amene anali naye.

"Katemera wa matenda amenewa kuno kulibe," anatero, "ndipo akanakhalapo, amabaya munthu asanadwale. Mukagone. Madzi owiritsa, kapu yanuyanu, mbale yanuyanu, muzisamba m'manja. Mowa ayi, miyezi isanu ndi umodzi. Muzibwera Lachiwiri lililonse ndizikuonani."

"Nanga Loweruka lino, asisitere? Kuli apongozi."

"Chiwindi sichidziwa apongozi anu. Wotsatira!"

Loweruka ndinanyamuka ndi amalume ngati munthu wopita kukaweruzidwa. Tili pafupi kufika, anandigwira mkono.

"Mphwanga, uko ku koleji banakuphunzitsani kuyang'ana munthu m'maso. Kuno ukayesa, nikuleka wekha. Mkamwini ayang'ana pansi."

Mwambo umenewu ndinabadwa nawo, koma maphunziro apamwamba anali ataufufuta. Ndinagwada chapatali, n'kuzika maso m'dothi. Maola atatu. Nyerere za pabwalo limenelo ndimazidziwa imodzi ndi imodzi, ndipo apongozi anga ndinawadziwira kumapazi, nsapato za tayala, chala chachikulu chopanda chikhadabo. Chakudya sichinandivute, pakuti mkamwini watsopano sadya pamaso pa apongozi.

Kenaka kunabwera chipanda cha mowa. Fungo lake linandipatsa moni ngati mnzanga wakalekale. Ndinakumbukira sisitere uja, ndinaomba m'manja, n'kukana.

Ndiye nsapato za tayala zija zinasuntha.

"Uyu ndiye muntu," anatero atate a mtsikana uja. "Aphunzira, koma maso ali pansi. Na moba sakumwa. Mutenge."

Maso anayera patapita mwezi, pa nthawi imene anafuna okha. Ukwati unachitika. Koma mbiri ija inandikanirira: mpaka lero ndikapita kwa Nkomeshya, azilamu anga amakhala pa chipanda, ine amandipatsa munkoyo, thobwa losasasa, m'kapu ya ana, n'kumandiloza kwa achinyamata ngati chitsanzo.

Nkhondo yonseyi inanditengera ngwee zisanu, za theka la kope.