Mapira a Amayi M'munda wa Thonje

Munda wa amayi ku Balaka unali wa thonje, koma m'mizere ankaponyamo mapira apo ndi apo. Anali mapira aatali, ofiira, amene agogo awo anabwera nawo kuchokera ku Mozambique atamanga pansonga ya nsalu. Chaka ndi chaka amayi ankasankha ngala zabwino n'kuzipachika pautsi, mbewuyo osatayika.

Chaka china msana unawakana. Kapinga ndi udzu wina zinamera ngati zochita kutumidwa, thonje n'kuyamba kunyozoloka. Ine ndinali ku Ntaja kudwazika mwana. Tinali titangotuluka m'njala, choncho mapira otsala onse anali m'nthaka, m'nyumba mulibe ndi kanjere komwe.

Achimwene, amene anakhalitsa m'tauni, anabwera ndi botolo la mankhwala ndi mpope wobereka kumsana.

"Amayi, khasu lipume," anatero. "Awa amasankha. Amapha udzu wokha, thonje salikhudza."

"Ali ndi maso mankhwalawo?"

"Oposa anuwo."

Amayi akuti anaseka, nawalola. Achimwene sananame, wogulitsanso sananame. Koma kwa mankhwalawo mapira nawo ndi udzu. Anali akadali aang'ono, obisika m'thengomo, ndipo amayi sanawatchule, poti kwa iwo mapira ndi chakudya.

Nditafika ndinapeza udzu utafiira, thonje lili bwinobwino. Amayi anali atagwada pamzere. Anakoka tsamba lapakati la phesi la mapira, ndipo linasololoka losalimba, litawola kunsi. Anakwawira pa lina, chimodzimodzi. Anandituma madzi kuti titsuke masamba, ine ndikudziwa kuti n'zosathandiza, komabe ndinatunga.

"Mwina Ambuye atisiyirako limodzi," ankatero.

Tinamaliza munda wonse. Panalibe.

Achimwene anakhala pachulu, mutu uli m'manja. "Bola mukanandikalipira, amayi."

"Iyayi, bambo. Munamvera chisoni msana wanga. Dzukani, dzuwa likupwetekani."

Kuyambira ndili mwana ndinkamva fanizo la mwini munda amene analetsa antchito ake kuzula namsongole nthawi isanakwane. Ndinkayesa kuti ankalezera mtima namsongoleyo. M'munda muja ndi mmene ndinazindikira kuti ankaopera tirigu wake, poti zikakhala zanthete zimafanana, ndipo wozisiyanitsa bwino ndi Iye yekha.

Thonje linachita bwino chaka chimenecho, odutsa n'kumayamikira munda woyera. Amayi ankangoyankha kuti zikomo. Titakolola tinafunsa kwa abale ku Nselema ndi kwa Kawinga, koma ena anadya mbewu yawo m'njala muja, ena anaisiya kale chifukwa cha mbalame. Pamsika tinapeza mapira aafupi, oyera. Amayi anatafuna njere imodzi, nabweza zotsalazo m'lichero la wogulitsa.

Anatisiya mvula yotsatira isanagwe. Sindinafunsepo Mulungu chifukwa chake. Koma mpaka lero ndikakwera kabaza nyengo ya masika, maso anga amakhala m'minda ya eni, ndipo ndikaona ngala yofiira patali ndimamuuza wopalasa kuti aime.