Chithunzi Chimene Kakowa Sanajambule

Bambo ake anali telala wa pakhonde la sitolo, munthu wosayankhulayankhula, ndipo anasoka mpaka sabata imene anamwalira. Mayi ake, amene lero aliyense amangoti agogo, anachapa nsalu za kuchipatala mpaka manja anachita makwinya osachoka. Iye anabadwa yekha. Ana ake ndi awiri: wachisamba ndi wamkazi, namwino, mzime ndi wamwamuna, amayendetsa thiraki, kunyumba amangofika mwa apo ndi apo. Mayi wa anawo anamwalira mzimeyo akuyamwa, ndiye agogo ndiwo anawalera. Amene akufuna kunena za kaleredwe kawo akayambe waona ana ake.

Dzina lake lenileni linangotsala pachiphaso. Anthu amamutcha Kakowa chifukwa cha miyendo yaitali ndi kaimidwe kake, poti munthuyo akaima waima, ngakhale ntchentche imutere pamphuno. Ankagwira ntchito yoyang'anira mapampu a madzi kumapeto kwa tauni, kumene mapaipi amakoka madzi m'dambo. Chipinda chake chinali cha mapampu awiri obiriwira, fungo la girisi, mpando wachitsulo ndi zenera limodzi loyang'ana kubango. Pazenera pomwepo ndi pamene mbalame zinamulowa mumtima. Wojambula wina atatseka shopu yake, Kakowa anagula kamera yakale ya chimphuno chachitali ngati botolo, basi zinayambira pamenepo.

Miyezi ankaidziwira kudambo. Mvula ikagwa kumabwera adokowe ndi anamzeze, mpheta n'kuyamba kuluka zisa pabango. Nthawi yozizira atsekwe amatulukira m'nkhungu m'mamawa, amveke kaye kenako aoneke. M'chilimwe madzi akaphwera, avuwo ndi achimeza amadzazana pathope kulimbirana tinsomba. Nantchengwa yekha ndiye sachoka, ndipo Kakowa ankati ameneyo ndi mnzake wa pantchito. Zithunzi ankazipachika pabalaza, khoma lonse mpaka pamwamba pa kabati.

Aneba ankaseka. "Agogo, mbalame zimenezi mwana wanu amabweretsako ya ndiwo?"

"Wanu uja akamachokera kumowa amabweretsa chiyani?" ankatero agogo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma anali ndi kajambulidwe kake. Chinthu chikamamuyang'ana sankadina. Ankatsitsa kamera pachifuwa n'kudikira mpaka chimuiwale. Agogo atamufunsa, anati, "Amayi, mbalame ikakuyang'anani ndiye kuti yayamba kale kutsanzika. Mukadina pamenepo mujambula mantha basi. Iiwale kaye kuti mulipo, iyambe kudzikanda, ndiye mwaipeza."

Wachisamba atapeza banja, akuchimuna anafuna kuitana wojambula wa m'tauni. Mtsikanayo anakana. "Adadi alipo," anatero, mutu uli m'mwamba. Agogo nawo anathira ndemanga kuti kwawo kamera si yobwereka.

Tsiku la ukwati Kakowa sanaoneke kutsogolo. Mwina ali kuseri kwa chipilala, mwina wanyonyomala pampanda wa maluwa. Potuluka m'tchalitchi mkwatibwi anaima pamasitepe, maso akusakasaka bambo ake. Atawapeza anawayang'ana ndithu, akumwetulira, maluwa ali pachifuwa. Agogo anali pafupi ndipo anaona zonse. Anaona mwana wawo akutsitsa kamera pang'onopang'ono. Mkwatibwi anadikira, kumwetulira kuja kukuuma. Mwamuna wake atamuitana n'kutembenuka, m'pamene kamera inalira.

Zithunzi zinatuluka zokongola, zimenezo palibe angatsutse. Dzanja likukonza velo. Khosi lake chakumbuyo. Akuseka ndi mnzake cham'mbali, nsapato ili kumanja. Koma choti wayang'ana kutsogolo panalibe ngakhale chimodzi. Apongozi ake aakazi, amene ankafuna chopachika pabalaza, anafunsa pagulu ngati mkwatibwi ali ndi chilema chimene akubisa.

Mtsikanayo anabwera kunyumba kwa bambo ake ndi envulopu ya zithunzizo, n'kuzimwaza patebulo.

"Adadi, nkhope yanga ili pati?"

"Ili monsemo, mayi. Taona ichi mmene kuwala kwagwera..."

"Ili ndi khutu. Ndinakuyang'anani pamasitepe paja mpaka masaya kuwawa. Simunandione?"

"Ndinakuona."

"Nanga? Ndine bakha ine?"

"Mkazi mnzanga, tsitsa mawu, awa ndi bambo ako," anatero agogo. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Nawenso yankha, pakamwa uli napo."

"Ndidzakujambula china," anatero Kakowa, maso ali patebulo.

"Diresi lija linali lobwereka. Ndinabweza kale."

Mtsikanayo atapita, agogo anamupeza Kakowa kuseri kwa nyumba akupukuta galasi la kamera limene linali loyera kale. Anamufunsa chimene anaopa.

"Chala chinakana, amayi. Mmene anandiyang'anira muja, ndinangodziwa kuti akupita."

"Mawu amenewo bwanji sunamuuze mwini wake?"

Kakowa sanamuuzebe. Mtsikanayo anasamuka ndi mwamuna wake kupita tauni yakutali. Akaimba foni ankacheza ndi agogo mpaka khutu kutentha, koma kwa bambo ake ankangoti mwadzuka bwanji, tadzuka, basi. Agogo zinkawadya mumtima, poti onsewo ndi magazi awo, ndipo kuuma mutu kwakeko ankadziwa kumene anakutengera.

Panapita zaka, shuga anamulowa m'maso Kakowa. Tsiku lina anakhala m'mawa wonse pathope akudikira kakowa mnzake amene anatera pabango kuti atambasule mapiko. Munthu wina wogwira naye ntchito ndiye anamuuza, mochita manyazi, kuti linali jumbo loyera lokodwa pabango. Anaseka nawo. Pofika kunyumba analowetsa kamera kunsi kwa bedi. Pasanapite nthawi manambala a pamapampu anasiya kuwaona, ntchito n'kutha.

"Musamuuze mwana wanga," Kakowa anawapempha agogo. "Ndi woyembekezera, asamade nkhawa ndi ine."

Agogo kusunga mawu si khalidwe lawo, koma amenewa anawasunga.

Wachisamba anabwera m'chilimwe ndi khanda lalikazi, kudzalionetsa. Kakowa analinyamula n'kumalisisita kumaso ndi chala, akuti lafanana ndi malemu mkazi wake. M'nyumba ankayenda bwinobwino poti ankaidziwa, ndiye mwana wake sanazindikire kanthu. Tsiku loti mawa abwerera, agogo anatulutsa mpando panja, anagwada movutikira n'kukoka kamera kunsi kwa bedi.

"Lero. Ine sindifa ndikumvabe nkhani ya khutu."

"Amayi, kuwala sikuli bwino..."

"Dzuwa lonseli? Tenga."

Mtsikanayo analowa m'nyumba. Anasintha bulauzi, anakhala pampando pafupi ndi khoma, mwana ali pamiyendo, n'kuwayang'ana bambo ake monga anachitira pamasitepe paja, kungoti ulendo uno osamwetulira. Kakowa anakweza kamera. Chimphuno chija chinaloza kumanzere, kumene thewera loyera linali pachingwe.

"Adadi, ndili kuno."

Anatembenuka kutsata mawu, n'kupitirira pang'ono. Namwino ndi namwino. Anayang'ana maso a bambo ake, kenako agogo.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Funsa mwini maso," anatero agogo.

"Chaka chatha," anatero Kakowa. "Ndikuona kuti pali munthu, mayi. Koma ngati ukundiyang'ana kapena ayi, sindikudziwa."

"Ndikukuyang'anani. Dinani."

Anadina. Mtsikanayo anaimirira n'kuona pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera, agogo akusuzumira paphewa pake. Munali khoma, theka la phewa ndi kaphazi ka mwana.

"Chatuluka bwanji?" anafunsa Kakowa.

Agogo anali atatsegula kale pakamwa kuti aname. "Iii, chokongola zedi, ngakhale..."

"Sichinatuluke," anawadula mdzukulu wawo. "Khoma ndi phazi. Ichi sindikuchiwerengera, adadi. Changa chija munandilonjeza chikadalipo." Misozi inali ikugwera pamutu pa mwana, koma mawu sanagwedere. "Agogo, chikwama chawo chili kuti? Mawa tikwera limodzi."

Anapita nawo kuchipatala cha maso cha kumene amagwira ntchito. Dokotala anati lakumanzere linapita, lakumanja mwina lingathandizike shuga akatsika, koma sanalonjeze. Kakowa anabwerera ndi mabotolo a mankhwala odontheza, ndipo agogo, ndi manja awo onjenjemerawo, ndiwo amamudontheza m'mawa ndi madzulo, theka n'kumatsikira kutsaya. Tiyi wake amamwa wopanda shuga, akayesa kudandaula agogo amamukalipira ngati mwana wa sukulu. Mpaka pano disolo silinasinthe.

Lamlungu lililonse foni imalira, ndipo masiku ano mtsikanayo amayamba kufunsa bambo ake. Agogo amakhala pafupi, amamva zonse.

"Mwadontheza?"

"Ndadontheza, mayi."

"Mwamuna wanga akuti tipite ku studiyo tonse atatu, mwana asanakule. Ndakana."

"Pitani, mwanangu. Za ine musadikire."

"Munanena nokha kuti mudzandijambula china. Ndinakukakamizani ine?"

"Sunandikakamize."

"Ndiye ndikudikira."

Kakowa amangogwirabe foni kukhutu mpaka mwana wake adule yekha.