Chitseko chomwe simunapente, ababa

Ababa, lero ndakalipira mdzukulu wanu mpaka walira. Wapeza kasiteshoni kanu ka sitima pamwamba pa kabati, n'kutenga penti kuti amalize chitseko chija. Ndamulanda bulashi.

Ntchito ya njanji itakutherani ku Limbe, munabwerera ku Namitambo n'kuyamba kumanga kasiteshoniko ndi timatabwa, denga la zitini, njanji za mawaya. M'mawa uja munadzuka chifuwa chitakupanani, mukupuma ngati mwathamanga. Achimwene anaimitsa galimoto ya matola kuti mupite kuchipatala pa Boma, koma inu munakhala pakhonde n'kumapenta mawindo a kasiteshoniko ndi nthenga ya nkhuku. Dalaivala ankangoliza hutala kumsewu. Amayi anachita kugwada. "Bambo a Esinati, tatiyeni chonde, galimoto itisiya!" Inu osadzutsa n'komwe mutu. "Ndikasiya apa penti iuma. Esinati, tagwira denga ili." Ndinagwira, ndikumva mpweya ukulira pakhosi panu, ndikuona dzanja lanu likuphonya mzere. Ndinkafuna kukuwa, koma ndani akanakukuwirani inu? Titamva injini ikulira, m'pamene munaika nthenga pansi. "Chitsekocho musachikhudze. Ndidzamaliza ndekha ndikabwerako."

Munabwerako patatha sabata, koma osati ndi mapazi anu. Munabwera m'bokosi. Mawindo onse ndi obiriwira mpaka lero, chitseko chokha ndiye thabwa lopanda penti. Mwana uja ndamupepesa, ababa, koma bulashi sindinamubwezere. Munati tisachikhudze.